Chaka chimene ndinkalondera Amayi

Ndikukumbukira chaka cha njala chija kwathu m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, pomwe ndinasiya sukulu n'kukhala mlonda wa Amayi. Mvula inadula chimanga chikumasula, ndipo tinkadya za madeya kamodzi patsiku. Amayi, monga azimayi onse akwathu, ankadya pomaliza. Ndiwo zikapezeka, kaya khwanya kaya nyemba zodzadza chikhatho, ankagawira anafe ndi Ababa, iwo n'kumati, “Ine ndalawa pophika.” Linali bodza, koma tonse tinkalimeza limodzi ndi ndiwozo.

Kenaka anangozima. Munthu wolongolola uja, wokalipira ngakhale nkhuku za eni, anayamba kukhala pakhonde tsiku lonse maso ali pansi. Ena ankati awalodza, ena ankati ndi ulesi. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi, ananena motsitsa mawu kuti, “Ine nditachoka, chakudyachi chingakukwaneni.” Ndinakauza Ababa. Iwo ananyamula mankhwala opopera thonje kukasungitsa kwa anzawo, n'kudzandiuza kuti, “Amayi ako usawasiye okha, ngakhale popita kumadzi.” Ndinachita mantha osaneneka.

Mawa lake Ababa anakweza Amayi panjinga kupita nawo kuchipatala. Anamwino anawayang'ana m'zikope mmene munayerera, n'kucheza nawo nthawi yaitali. Anati magazi achepa, komanso thupi likasowa foleti, yemwe amapezeka m'masamba obiriwira ndi m'nyemba, maganizo nawo amatha kulemera. Anawapatsa timapilitsi, anati azibwera kudzacheza, ndipo masamba tisiye kuwapha ndi chidulo mpaka kuda. Pobwerako Ababa anaika lamulo lachilendo, loti mbale ya Amayi iziyamba. Mudzi wonse unaseka, ati bambo adyetsedwa khuzumule.

Ine ndinkasaka chisoso ndi bonongwe m'madimba momwe munatsalako chinyontho, kenaka n'kukhala pambali pawo kuti ndione akumeza. Kusintha sikunabwere msanga, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mtima.

M'mawa wina ndinadzuka mochedwa, mphasa yawo ili yopinda, iwo kulibe. Ndinathamangira kumtsinje mtima uli m'mwamba, minga osaimva n'komwe. Ndinawapeza atawerama m'dimba, masamba ali m'nsalu. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

“Iwe, kumaso osasukusula, ukuthamanga ngati wakuba? Ndiponso anakuphunzitsa ndani kuzula bonongwe ndi mizu yomwe? Mawa tidzadya chiyani?”

Ndinakhala pansi pamatope pomwepo n'kulira chifukwa cha chimwemwe. Amayi ankafunsa za mawa.

Masiku ano matenda a maganizowa ali ndi dzina, amakambidwa ngakhale pawailesi, ndipo timadziwa kuti masamba okha si mankhwala, pamafunikanso chipatala ndi anthu omvetsera. Amayi alipo, akalamba, koma kulongolola sanasiye. Ndikapita kukawaona ndimayamba ndi mbale yawo, ndipo akati “ndalawa pophika,” sindichoka pamphasa mpaka amalize.