Nkhope ya Apongozi

Kujambula ndinaphunzila kwa wansembe wina wachizungu, pa mishoni ina kwathu ku Petauke, nthawi ya Chitaganya, pamene ndinali kuphunzila zauphunzitsi. Munthuyo anali ndi ndevu zofika pachifuwa, koma mtima wapachala. Chaka choyamba chonse anatijambulitsa mapili ndi mibuyu basi. Mbuyu ngwabwino: sugwedezeka, sudandaula, ngakhale uuwonjezele mimba sukakusumila kwa munthu. Ine mibuyu ndinaijambula mpaka kumailota.

Chaka chachiwili tinayamba nkhope za anthu. Lamulo la abambowo linali limodzi: "Yang'ana! Usajambule zimene ukuganiza, jambula zimene ukuona." Anatiphunzitsa kutambasula mkono pensulo ili m'manja, kutsinzina diso limodzi, ndi kuyeza ndi chala chachikulu kutalika kwa mphuno kapena mpata wa pakati pa maso. Tinkajambulana tokhatokha. Mnzanga wina ndinamuyeza makutu mwachilungamo, sanandilankhule sabata yathunthu.

Nthawi imeneyo n'kuti ndili wokwatila kale, wa mwana mmodzi, mkamwini m'mudzi wina ku Msanzala. Maphunzilo atatsala pang'ono kutha, anandiuza kuti ndikaphunzitsa ku Nyimba. Ndinafuna kupita ndi mkazi wanga ndi mwana, koma mkazi sungangomunyamula ngati thumba la nshawa. Anafunika kuvomela amake, ndipo amakewo anali amasiye, mwana wamkazi ndi yekhayo. Ndinawalimila, ndinawafolelela nyumba, ndinawamangila khola la mbuzi, koma yankho linali lomwelo: "Tiona." Ndinali ndi mantha enieni kuti ku Nyimba ndikakhala ndekha ngati mbeta, mwana wanga n'kumakula akundiyesa mlendo.

Pa holide ina mkazi wanga anaonetsa amake chithunzi cha wansembe uja chimene ndinajambula. Madzulo anabwela ndi uthenga.

"Akuti muwajambule iwonso. Mukatelo, za ku Nyimba aziganizila."

Mayo ine! Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Zaka zitatu ndili pamudzipo, ndinkadziwa zidendene zawo, chifuwa chawo cha m'mawa, ndi dengu lawo lokhota pakamwa. Tikakumana panjila ndinkagwela m'tchile ngati nkhanga. Tsopano ine yemweyo ndiwakhalile kutsogolo, ndiwaloze ndi pensulo, kenaka ndiwatsinzinile diso? Mlandu wake ukanatha mbuzi zonse za amalume anga.

Ndinapalasa njinga mpaka ku mishoni kukafunsa nzelu. Abambo aja anakoka ndevu zawo n'kunena kuti, "Luso lilibe apongozi." Ndinathokoza mwaulemu, koma mumtima ndinati, n'zosavuta kulankhula chotelo munthu amene sanalimilepo mai wa mwini.

Nzelu inachokela kwa mkazi wanga. Apongozi anayala mphasa kuseli kwa nkhokwe, atamanga duku lawo la pa Sondo. Ine ndinakhala mbali inayo ndi chikatoni pamaondo. Mkazi wanga anakhala pambali, pamene ankatha kuona tonse awili, kuti akhale maso anga. Utoto wa kusukulu unali utatha, choncho ndinasungunula katondo, mwaye ndi njeleza m'zigoba.

"Amake mwana, mphuno yawo njotani?"

"Ngati yangayi, koma yophwatalala pang'ono."

Kuseli kwa nkhokwe kunamveka mawu: "Yophwatalala inali ya malemu atate ako! Uwauze amuna ako asanamizidwe."

"Nanga maso?"

"Ngati angawa."

"Makwinya pamphumi alipo angati?"

"Atatu."

"Awili!" anakuwa apongozi. "Linalo ndi dzuwa."

Zinatelo masiku atatu. Chilichonse chimene ndinafunsa, yankho linali lakuti "ngati changachi". Ndiye ndikanayeza yani? Ndinatambasula mkono, n'kumayeza mkazi wanga. Ndinamutsinzinila diso masiku atatu masana dzuwa likuswa mtengo, amake ali pomwepo, popanda wondiimba mlandu. Zimenezo zokha ndinakondwa nazo, sindinama. Ndinaika makwinya atatu, ndinagwetsa masaya pang'ono, n'kutulutsa imvi m'mphepete mwa duku ndi njeleza ija.

Chithunzicho chitauma, mkazi wanga anachiyang'ana, n'kuyamba kuseka mogwila pamimba.

"Inu, awa si amama ai!"

Ndinadziona ndili ku Nyimba, ndikukolezela ndekha moto, ndikudzichapila ndekha makabudula. Ndinatukwana mumtima wansembe uja, pensulo yake ndi mibuyu yake yomwe. Koma mkazi wanga anali atachinyamula kale, wazungulila nacho kuseli.

Ndinamva nkhuku ikupalasa pansi pa nkhokwe. Ndinadikila chitonzo, chifukwa pakamwa pa apongozi anga sipankasowa mawu. Chimene ndinamva ndi munthu akumina.

Kenaka analankhula, ndipo kanali koyamba chikwatilile kuti mawu awo abwele kwa ine osadzela kwa mwana wawo.

"Atate ake mwana, mwandimva? Uyu sindine. Uyu ndi mwana wanga atakalamba. Ine sindidzakhalapo kuti ndimuone chonchi."

Ndinangoomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pa zigoba za utoto.

"Chithunzichi chitsale kuno," anatelo. "Mkazi wanu mutengeni."

Kusukulu ntchito imeneyo ikanandigwetsa mayeso, pakuti amene anandituma kujambula sindinawayang'ane n'kamodzi komwe. Tinapita ku Nyimba tonse atatu. Apongozi anamwalila patapita zaka zowelengeka, nkhope yawo ndisanaionetsetse, ndipo chikatoni chija tinachipeza chili pakhoma, moyang'anana ndi pamene ankagona.

Chili kuno tsopano, chiswe chinadya ngodya imodzi. Mkazi wanga akakhala pakhonde kusankha nyemba, duku lili kumutu, alendo amayang'ana iye, amayang'ana khoma, n'kundiyamikila kuti ndinamujambula bwino chaka chatha. Sindiwatsutsa. Ndimangomuyang'ana pamphumi, ndipo amakalipa kuti ndikumuyang'anitsitsa chiyani ngati ndamuona lelo. Makwinya alipo atatu. Amake anawaona ine ndisanawaone.