Bokosi la maliro m'garaja mwa a Sean

A Sean Dunleavy anabwera ku America ali mnyamata, kuchokera ku Limerick m'dziko la Ireland, atakolekera gitala kumsana basi. Anaimba nyimbo zaphokoso za roko m'mabala a ku New York mpaka mawu kusasa. Gulu lawo linabalalika: wang'oma anamwalira, wina anakwatira n'kuyamba kugulitsa matayala. Iwo anatsikira ku tauni ya Wheaton n'kuyamba kulemba zisudzo. Sanalemere nazo. Kanyumba ndiye anagula, ndipo m'chipinda chapansi munkakhala Theresa, mtsikana wa ku Balaka wosamalira okalamba, ndi khanda lake Fiskani.

Loweruka lina masana Theresa anatsegula garaja kuti atenge kangolo ka mwana. Anangoti maso gwa! Bokosi la maliro, lakuda bii, zogwirira zili phuliphuli, litagundana ndi khoma lomwe kuseri kwake kumagona Fiskani. Mwanayo sabata yonse anali akutsokomola.

Theresa anaimbira foni Gwendoline, mnzake wa ku Lusaka amene amapemphera naye kutchalitchi cha ku Lanham.

“Iwe, nyamula mwana uchoke manje manje,” anatero Gwendoline. “Bokosi siikhala na njala.”

“Ndilowere kuti? Kwanuko mwadzaza kale.”

“Manje ufuna nikambe chani?”

Foni isanazizire, a Sean anatulukira, utuchi uli m'ndevu, akumwetulira ngati mwana woti wapambana mayeso.

“Waliona? Ndakhoma ndekha limeneli!”

Anafotokoza kuti bokosilo ndi la sewero lawo latsopano, la maliro a bambo awo. Nkhalambayo inamwalira iwo alibe mapepala okhalira ku America. Akanapita kukaika, sakanabwereranso. Kwawoko mtembo umagona m'nyumba, anthu n'kumamwa, kuimba ndi kuseka zakale za malemuyo. Maliro amene anawaphonyawo ankafuna awachitire pa siteji asanafe nawonso.

“Ine ndidzagona umu, kenaka dzambatu ndi gitala. Taona.”

Analowamo, n'kupinda manja pachifuwa, maso tsinzinu.

“Tulukanimo, bambo!” Theresa anakuwa mpaka Fiskani kudzidzimuka m'chipindamo. “Kwathu bokosi silifika pakhomo munthu asanafe. Likafika limaitana. Nanga pakhomo pano wodwala ndani?”

“Ndi matabwa chabe, mwana wanga,” anatero akudzuka movutikira. “Ku holo yochitira sewero akana kulisunga mpaka tsiku lotsegulira. Panja mvula iliwononga, ndipo msana uwu sungakhomenso lina.”

Theresa anadziwa kuti nyumba ndi ya eni. Atangomuuza kuti asamuke, chipinda china cholandira mayi ndi khanda akachipeza kuti? Komabe analowa, nabereka mwana pachitenje, natenga chikwama cha matewera.

“Ndiye ife tikakhala pa siteshoni ya sitima mpaka sewero lanu lidzathe.”

“Usachite misala, kunja kukuzizira.”

“Ndikudziwa.”

Fiskani anatsokomola kumsanako, chifuwa chouma chomveka ngati chikung'amba. A Sean anayang'ana mwanayo, nayang'ana bokosi. Anatukwana chapansipansi m'chilankhulo chakwawo, natsegula chitseko chachikulu cha garaja.

“Kuligwira sungaligwire, eti?”

“Ngakhale ndi chala.”

Analikoka okha, akubuula, nalikweza padenga la chigalimoto chawo chakale chonyamulira zoimbira, n'kulikulunga ndi tenti. Anakaimika galimotoyo kumapeto kwa msewu. Mvula inapeza polowera ndithu: penti inasupuka, chivindikiro n'kupindika. Tsiku la sewero linafika bokosi lisakutsekeka, ndipo amene anaonera akuti mapazi a a Sean ankaonekera panja, anthu n'kumaseka pamalo pofunika kulira. A Sean anakwiya nazo mwezi wathunthu, moni wokha wapakhosi.

Theresa sanapite kukaonera. Lolemba lotsatira Loweruka lija anapita ndi Fiskani kuchipatala, ndipo atabwerako anakolopa garaja yonse ndi madzi amchere, nasunthira kabedi ka mwana kukhoma lina. Chipindacho a Sean sanamulande.