Mzere Wofiira pa Botolo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, giledi seveni, pamene ndinapanga sitima yoyenda pansi pa madzi. Nyanja ndinali ndisanaionepo, ndipo kwathu ku Chinyunyu madzi akuya omwe ndinkawadziwa bwino anali a m'dilamu la kusukulu.

Nkhaniyi inabwera ndi Ba Madamu Zulu, aphunzitsi a sayansi omwe anatumizidwa kuchokera ku Lusaka. Anatiuza kuti ku boma la Rufunsa kudzakhala chionetsero cha zinthu zopanga ana asukulu, ndipo sukulu yathu idzatumiza mwana mmodzi yekha. Anzanga anasangalalira zokwera basi. Ine ndinamva dzina la Rufunsa chabe, chifukwa kumeneko kunali amayi anga. Atate atamwalira, amayi anakwatiwanso ndi bambo wina wa ku boma amene sanafune mwana wa mwamuna mnzake pakhomo pake, choncho ine ndinatsala ndi amayi aakulu. Ndikafunsa zoti ndikawaone, amayi aakulu ankangoti tidzaona tikakolola. Tinakolola kangapo.

Chithunzi cha sitimayo ndinachiona m'buku la Ba Madamu. Anandifotokozera kuti sitima yotere imakhala ndi mathanki. Ikafuna kumira amalowetsamo madzi, ikafuna kuyandama amakankhiramo mpweya kuti madziwo atuluke. Ndinatola botolo lapulasitiki m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe okwera mabasi amataya chilichonse, ndipo ndinaliboola kumimba ndi msomali wamoto. Pansi pake ndinamangirira mabawuti akale a njinga kuti lizigona chafufumimba. Amayi aakulu ankasesa kukiliniki, ndiye anandipemphera kwa anesi kapaipi ka diripi ndi sirinji yaikulu, zonse zatsopano. Kapaipiko ndinakalowetsa kumsana kwa botolo n'kumata ndi guluu. Ndikakoka sirinji mpweya unkatuluka, madzi n'kulowa m'mabowo, botolo n'kumira. Ndikakankha linkabwerera pamwamba.

Ndinkayesa kuti ndamaliza, koma Ba Madamu sanatengeke nazo. Anati kumira si luso, mwala nawonso umamira, ndipo kuyandama botolo lililonse limatha. Iwo ankafuna liime pakati pa madzi, osakhudza pansi, osatulukira pamwamba.

Ntchito inakula pamenepo. Tikaweruka ndinkatsalira padilamu lodzaza madzi a pamjigo, ozizira ngati a mumtsuko, mpaka zala kuchita makwinya. Madzi akalowa ochulukirapo pang'ono, botolo linkapita pansi. Akachepa pang'ono, linkatulutsa msana. Patapita masiku ndinapeza pamene madzi ayenera kulekezera m'botolomo. M'bokosi la amayi aakulu munali kabotolo ka kyutekisi wofiira, utoto wopaka m'zikhadabo, amene anali atayamba kuuma, ndipo ndinajambula naye mzere pamalopo. Madzi akafika pamzerewo, sitima yanga inkalendewera pakati pa dilamu. Mzere umenewo ndinaukhulupirira ndi mtima wonse.

Tsiku losankha mwana wopita ku boma linafika m'nyengo yozizira, ndipo linapeza mjigo utafa. Kwathu mjigo ukafa palibe amadandaula kwambiri. Anthu amangotsikira ku kamtsinje kochokera pa akasupe a madzi otentha, komwe azimayi amachapa. Anyamata otumidwa kudzaza dilamu anakatunga komweko. Dilamu linkafuka nthunzi, kafungo kake ka mazira owola kakumveka patali. Palibe anaonapo chovuta, madzi ndi madzi. Ine ndinachita kukondwera kuti lero zala sizizizidwa.

Oweruza anali ahedi ndi makolo angapo. Woyamba kuonetsa anali mnyamata wina amene anapanga mbaula yosadya makala ambiri, ndipo azimayi anamuombera m'manja kwambiri. Itafika nthawi yanga ndinaika botolo m'dilamu, n'kukoka sirinji mpaka madzi anafika pamzere. Linaima pakati kamphindi, kenako linayamba kukwera lokha mpaka msana unatulukira. Nditasuzumira ndinaona kuti madzi atsika okha kusiya mzere. Ndinakokanso mpaka pamzere, linakweranso. Mtima unandipsa, ndinakoka sirinji yonse mwamphamvu, botolo linatsika, mabawuti n'kugunda pansi pa dilamu kuti gu. Ana anaseka, ahedi anayang'ana wotchi yawo. Ine ndinachita mantha, osati ndi kusekako, koma poona kuti ulendo wa kwa amayi ukundipulumuka.

Ba Madamu anaviika dzanja m'dilamu n'kulichotsa msanga. Anandiuza motsitsa mawu kuti mpweya wa m'botolo ukatenthedwa umafufuma, ndiye ukukankhira madzi kunja.

"Mzere wako unaujambula m'madzi ozizira, Esinati," anatero. "Awa ndi madzi ena. Leka kuyang'ana mzere, yang'ana botolo."

Zinandinyansa kumva zimenezo, chifukwa mzerewo ndinauvutikira. Koma ndinalibe pothawira. Ndinaika chala chachikulu pasirinji. Botolo likayamba kutsika ndinkakankha pang'ono, likayamba kukwera ndinkakoka pang'ono. Silinaime chiriri, linkangogwedezeka chapakati pomwepo, ndipo madzi a m'kati mwake anali kutali ndi mzere wanga. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ngakhale masiku onse aja m'madzi ozizira chala changa chinkachita zomwezi, ine n'kumatamanda mzere. Makolo anaunjirira dilamu kudzaona, ndipo ahedi anatchula dzina langa.

Ku boma sindinapambane kanthu, kunali ana obwera ndi zinthu zoyaka magetsi. Sizinandikhudze. Chionetsero chitatha, Ba Madamu anandiperekeza kumsika n'kukhala chapatali.

Amayi ndinawapeza akugulitsa tomato ndi kapenta, khanda lili kumsana, mwana wina atagwira chitenje chawo. Zaka zonsezo m'mutu mwanga ndinali nditakonza kale mmene zidzakhalire: adzataya zonse, adzandikumbatira, adzati usabwererenso. Iwo anandiyang'ana, anapukuta manja pachitenje, n'kunena kuti ndakula. Anafunsa za amayi aakulu, anandigulira chitumbuwa, koma maso awo ankapita kawirikawiri kutsidya kwa msewu, komwe mwamuna wawo ankamata matayala. Zinandipweteka kwambiri. Ndinafuna kutembenuka n'kukakwera basi osadzabweranso.

Ndisanasunthe ndinaona manja awo. Ankaunjika tomato, koma muluwo unkangogumuka, iwo n'kuyambiranso, ngati munthu amene sanagulitsepo tomato. Ndinakhala pakireti n'kupempha kuti ndinyamule khandalo. Titakhala kanthawi anafunsa chimene chinali m'thumba langa, ndipo ndinatulutsa botolo lija n'kuwafotokozera za sirinji ndi mabawuti. Sindikhulupirira kuti ankamva. Ankangoyang'ana mzere wofiira uja.

"Kyutekisi uyu ndi wanga," anatero. "Ndinamusiya m'bokosi la achemwali tsiku limene ndinachoka."

Anausisita mzerewo ndi chala kwa nthawi yaitali, munthu wogula kapenta akudikira. Sananene kuti nditsale, ndipo ine sindinapemphe. Pobwerera ku Chinyunyu ndinawasiyira botololo, chifukwa iwo ndi amene anandipempha.

Tsopano ndine wamkulu ndipo ndimagwira ntchito ku Lusaka. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti mzere uja sunali wolakwika. Unali woona m'madzi amene ndinaujambuliramo. Amayi amene ndinkawasunga m'mutu nawonso anali oona, kungoti anali a nthawi imene atate anali moyo. Ndikanakakamira amenewo, bwenzi lero ndilibe mayi. Ndimapita kukawaona, ndikaona kuti kubwera kwanga kwawalemera ndimatalikirako pang'ono, akakhala chete nthawi yaitali ndimaimba foni. Mpaka pano sizinakhazikike, ndipo ndinaleka kuyembekezera kuti zidzakhazikika.

Botolo lija likadali pamwamba pa kabati kwawo, lachita chikasu ndipo kapaipi kanathothoka. Mng'ono wanga, yemwe anali kumsana tsiku lija, anandiuza kuti bambo ake anafuna kulitaya n'kufunsa kuti chinyalala chimenechi n'cha ndani. Amayi anawayankha pamaso pa ana onse kuti n'cha mwana wawo woyamba, ndipo chisachoke pamenepo.