Malo Anga Pakati pa Makoluna

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anga anandisinthanitsa ndi thumba la kachewere. Umu ndi mmene ndinkaifotokozera nkhaniyi ndili mtsikana, ndipo ndinkaifotokoza mano ali gwa, mtima ukuwawa.

Tinkakhala kumudzi kwa amayi, kuseri kwa Fonte Boa, kumene chisanu chimaluma makutu ngakhale dzuwa litakwera. Bambo, a Simawu, anali mkamwini. Kwawo kunali ku Kalomwe, kufupi ndi malire. Khasu ankaligwira mongokakamizika. Ntchito yawo yeniyeni inali ya disiko: paukwati, paubatizo, paphwando lililonse, ndiwo ankavinitsa anthu. Anali ndi galimoto yakale yoyera, ya msana wautali, imene anaichotsa mpando wakumbuyo. Amayi ankaitcha mkazi mnzawo, ati chifukwa inkasisitidwa kuposa iwo.

Anthu ovina sadziwa kuti ntchito ya disiko imayambira pa kulonga katundu. Loweruka m'mawa zipangizo zonse zinkayalidwa pabwalo, ndipo ukaziyang'ana n'kuyang'ananso galimotoyo, unkalumbira kuti sizingalowe. Panali makoluna awiri akuluakulu, mabokosi akuda aja otulutsa mawu ogunda pachifuwa, ndi ena awiri aang'ono. Panali jeradori yopangira magetsi, yonunkha gazolina, mitengo yachitsulo yopachikapo makoluna, beseni lodzaza nthambo, meza yosakanizira mawu, ndi bokosi la zimbale. Bambo sankapupuluma. Makoluna aakulu ankalowa poyamba, atagona chagada, kumaso kwawo atafunditsidwa mabulangete akale. Aang'ono ankakwera pamwamba pa anzawo chafufumimba. Mitengo ija inkadutsa m'mbali mpaka kukasuzumira kutsogolo. Jeradori inkalowa pomaliza, itakhazikidwa pachiguduli, ndipo meza inkakhala pampando wakutsogolo itamangidwa lamba ngati bwana. Pakatsala kampata, ankafinyirapo sanza kapena chidutswa cha tayala.

"Katundu samasweka chifukwa chothinana," ankatero uku akukankha ndi bondo. "Amasweka chifukwa cha mpata. Ukasiya mpata, msewu umalowapo."

Mpata umodzi wokha ndiwo ankausiya dala, pakati pa koluna lakumanzere ndi chitseko. Amenewo anali malo anga. Panali chitsulo china cholemera, ampulifikadori, chimene chinkapatsa makoluna mphamvu. Chinkadana ndi kugwedezeka, ndipo misewu yathu ya makwawa ndi miyala ija chinkaipirira chikakhala pamiyendo pa munthu. Ndinkalowa chafutambuyo, n'kukhala pabulangete lopinda, phewa litatsamira koluna, ndipo bambo ankandikhazika chitsulocho pamiyendo.

"Wakwana?"

"Ndakwana, apapa."

Kenako chitseko, phwa! Amayi ankaima pakhonde atagwira m'chiuno. "Bambo a Rozina, kodi ine ndinabereka munthu kapena mtsamiro?" Bambo ankayankha kuti mtsamiro sudziwa kuimba, ndipo zoonadi tinkaimba njira yonse. Miyendo inkachita dzanzi, fumbi linkalowa mpaka m'mano, koma ndinkadzimva. Anzanga ankapita kuukwati kukapempha mpunga kukhitchini. Ine ndinkafika pagalimoto, nditanyamula mtima wa disiko yonse.

Chaka chimenecho amayi anali oyembekezera. Tsiku lina masana, mvula ili pakati, zinthu zinavuta. Ndikukumbukira bambo akugubuduzira makoluna m'matope, makoluna omwe aja amene sankandilola kuwakhudza ndi dzanja lonyowa, kuti ayale matiresi m'galimoto. Anathamangira nawo amayi kuchipatala ku Ulongwe. Galimoto inabwerera mawa lake ikuyenda pang'onopang'ono, amayi ali m'mbuyo momwemo, atafunditsidwa chitenje mpaka kumutu. Khanda linatsagana nawo.

Miyezi inadutsa makoluna ali chete pakona ya nyumba. Titakolola, chisanu chitafika, achibale a amayi anasonkhana kuti asudzule bambo, ndiko kuti awamasule abwerere kwawo popeza ukwati unatha ndi imfa. Ana sitinkaloledwa pamenepo, koma ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kumva zonse. Ankalankhula anali atsibweni anga, a Kasiyano, mlongo wawo wa amayi, munthu wofatsa amene ankaimba kwaya kumisa.

"Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino, palibe angakutoleni chifukwa. Takumasulani. Zanu zonse mutenge."

"Nanga Rozina?" anafunsa bambo.

"Anapiye amatsata thadzi, alamu. Thadzi likafa amatsala pakhomo pomwepo. Mwa mlongo wathu watsala yekhayu. Komanso moyo wanu ndi wa pamsewu. Mwana wamkazi akulire m'madisiko?"

Bambo anachonderera. Munthu amene ankaimitsa bwalo lonse laukwati ndi liwu limodzi, tsiku limenelo ankapempha ngati mwana. Atsibweni sanakweze mawu, koma sanasunthenso. Anati bambo ali ndi ufulu wobwera kudzandiona, ngakhale kunditenga Loweruka n'kundibweza, koma akadzangonditenga mwamakani, pakhomopo asadzapondenso.

Ine sindinade nkhawa kwenikweni. Ndinkadziwa chinthu chimene akuluakuluwo sankachidziwa: galimoto ija singayende popanda ine. Ampulifikadori akananyamula ndani? Kugona pakati n'kuyambirira, choncho m'mawa wa tsiku lonyamuka ndinamanga madiresi anga awiri mumpango wa amayi, n'kubisa kamtoloko pansi pa nthambo m'beseni muja.

Kunali nkhungu. Achibale anaima mozungulira bwalo, manja ali m'khwapa. Bambo analonga pang'onopang'ono kuposa masiku onse, ine ndikuwapatsira sanza monga mwa nthawi zonse. Makoluna analowa, mitengo inalowa, jeradori inalowa, chikwama cha zovala zawo chinapeza malo pamwamba. Malo anga anatsala, bulangete lili lopinda. Nditangoponya phazi kuti ndilowe, bambo analankhula osandiyang'ana.

"Rozina, kanditungire madzi akumwa."

Ndinathamanga. Pobwera ndinapeza pamalo anga pali thumba la kachewere, lodzaza mpaka kukamwa, ampulifikadori ili pamwamba pake itamangidwa ndi malegeni. Kamtolo kanga kanali pakhonde, kataikidwa bwinobwino. Chikho chinandipulumuka m'manja.

"Apapa, malo anga!"

"Lero mulibe malo."

"Chotsani thumbalo, ndikwana ine!"

"Ndati mulibe malo! Pita kwa amayi ako aang'ono."

Chibadwire anali asanandikalipirepo. Ndinalumphira thumbalo n'kuyamba kulikoka, koma linali lolemera kuposa ine, ndipo zikhadabo zinandithyokera m'chiguduli. Palibe wachibale amene anandigwira. Anali bambo eniake amene anamasula zala zanga chimodzichimodzi, n'kundinyamula ndikupalapata, n'kundipereka m'manja mwa mng'ono wawo wa amayi. Bambo anatseka chitseko, analiza galimoto, ndipo analowa m'nkhungu osatulutsa ngakhale dzanja pawindo. Ndinalira mpaka mawu anatha. Amayi anawatenga ndi Mulungu, izo ndinkazimva kumisa. Koma bambo anachita kusankha okha, maso ali gwa, ndipo anasankha kachewere.

Sabata yomweyo m'mudzi munamveka nkhani yakuti pamlatho wa kunjira yopita kumsewu waukulu pali thumba lathunthu la kachewere lopanda mwini. Anthu anaopa kulitola, ati mwina ndi la mankhwala, mpaka linaolera pomwepo. Ndinaimva nkhaniyo ngati mmene umamvera za mbuzi ya eni, sindinaiike kumtima.

Kwa amayi aang'ono sanandizunze, ndisawanamizire. Anandidyetsa, anandiveka, ananditumiza kusukulu ya kumishoni pamodzi ndi ana awo. Tsiku lija ndiwo anandipukuta misozi, choncho ndinawakakamira ngati nkhupakupa, ndipo atsibweni ndinkawaona ngati anthu amene ananditola nditatayidwa. Bambo ankabwera nthawi ndi nthawi, atanyamula shuga, buledi, mwina nsapato. Ndinkagwada n'kuwapatsa moni monga mwa mwambo, maso ali pansi.

"Loweruka kuli ukwati, Rozina," ankatero. "Tipite? Atsibweni ako avomera."

"Ndili ndi ntchito, apapa."

Ndikatero ndinkanyamula ndowa n'kupita kuchitsime, ndipo ndinkakhala komweko mpaka nditamva galimoto ikuchoka. Ndinali wamakani ngati bulu, khalidwe limene ana anga amati ndikadali nalo.

Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu kunachitika ukwati wa mwana wa aneba athu ku Fonte Boa, ndipo wa disiko anali bambo. Phwando linatha dzuwa likadalipo chifukwa kumwamba kunkada. Anthu atabalalika, ndinaima kuseri kwa mtengo wa bulugama n'kumawayang'ana akulonga okhaokha. Anali ataonda, imvi zitayamba. Koma chimene chinandidabwitsa chinali makoluna. Makona awo anali ophwanyika, ozigika ndi tizidutswa ta malata, ndipo lakumanzere linali ndi mng'alu wautali womangidwa ndi waya. Ampulifikadori anaikulunga m'jekete n'kuiika pansi pa mpando wakutsogolo. Analonga zonse mwa dongosolo lomwe lija, n'kufinyira sanza paliponse, koma pakati pa koluna ndi chitseko anasiyapo pululu, bulangete lopinda lili pansi.

Pakamwa panatsogola mtima usanalole. Ndinangozindikira ndaima kumbuyo kwawo.

"Mwasiya mpata. Msewu ulowapo."

Anatembenuka, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza mng'alu uja. "Unalowa kale."

"Nanga kachewere wanu uja ali kuti?"

"Ndinamutsitsa pamlatho. Sindikanatha kuyenda naye." Anapukuta manja pathalauza. "Ndikanasiya malo aja tsiku lija, ukanalowa. Ukanalowa, akanakukoka ndi atsibweni ako, ine sindikanapirira, pakanagwa ndewu. Ndinati bola udane ndi ine amene ndikuchoka, kusiyana n'kuti udane ndi anthu amene akutsala nawe."

Mphepo ya mvula inkaulutsa mapepala a maswiti pabwalo. Bambo anatsekula chitseko mpaka kumapeto, n'kusasa fumbi pabulangete lija.

"Tayesa."

Ndinalowa chafutambuyo monga kale. Chiuno chinakana. Ndinapendekeka, chinalowa mokakamiza, koma mutu unagunda denga ndipo mawondo anatsalira kunja. Ndinapinda miyendo, ndinakoka mpweya, ndinabisa mapewa. Bambo anakankha koluna ndi bondo, koma katundu amene iwo alonga sasuntha. Anayesa kutseka chitseko pang'onopang'ono, chinaima pabondo langa.

"Wakwana?" anafunsa chapansipansi.

Mpatawo anausunga pamuyeso wa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mwanayo panalibe.

"Wakula, mayi," anatero. Anayesa kuseka, inenso ndinayesa, koma kuseka kwake kunathera m'misozi. Anandigwira dzanja n'kunditulutsa. Madontho oyamba atagwa anandiuza kuti ndithamange ndisanyowe, ndipo ulendo uno anatulutsa dzanja pawindo. Ndinaima pamvulapo ndikumva koluna likugunda chitseko pa dzenje lililonse, gu, gu, mpaka galimoto inakhota.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kuthawira kuchitsime. Akabwera ndinkakhala nawo pamphasa, tikucheza, ndipo ndinayendapo nawo kangapo nditakhala kutsogolo, meza ili pamiyendo. Sizinali zofanana, ndipo sizinatenge nthawi. Chifuwa chinawatenga ndisanamalize sukulu ya sekondale ku Ulongwe. Galimoto ndi makoluna abale awo anagulitsa.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo atsibweni anga, amene akalamba tsopano, sindiwasungira mangawa. Anachita zimene anazipeza, ndipo anandilera ndi mtima umodzi. Bambo anafuna kuti ndikule ndikukonda anthu ondisunga, ndipo zinatheka ndithu. Mtengo wake analipira okha, ndi nkhope yawo pamaso pa mwana wawo. Ndikumvetsa tsopano kuti munthu angathe kukutsekera chitseko chifukwa chokukonda, n'kulola kuti umuyese mfiti. Ana anga akandikwiyitsa, kapena ine ndikawakwiyitsa, sindilola kuti mkwiyo ugonere mpaka kumera mizu, chifukwa malo amene munthu wakusungira sakula nawe limodzi.

Loweruka lililonse muno mu Ulongwe mumadutsa magalimoto a disiko, makoluna atasuzumira kumbuyo, ndipo maso anga amathamangira kuchitseko chakumanzere ndisanawatume. Chimene chimandipweteka mpaka lero si thumba lija ayi. Ndi Maloweruka onse aja amene bambo ankafika pakhomo pathu bulangete atalipinda kale, ine ndili kuchitsime ndi ndowa yodzaza, ndikudikira kuti achoke. Nthawi imeneyo ndikanakwana.