Denga lodonthali ndi la yani?

Mvula yoyamba ya chaka chino yandipeza ndikuthamanga ndi chidebe m'chipinda chogona. Denga likudontha pamutu penipeni pa bedi.

Mukudziwa kuti boma likugulitsa nyumba zake kwa ife okhalamo. Ineyo, mphunzitsi wokalambira pa boma la Lundazi pano, ndinapempha kugula yangayi, ndipo anandivomera. Tsikulo mkazi wanga, amake Tisa, analulutira mpaka anansi kutuluka m'nyumba. Nkhuku inafa. Ine ndinkayesa zatha.

Tsono Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita ku ofesi yoona za nyumba kukanena za dengalo, monga ndakhala ndikuchitira zaka zonsezi. Kalaliki wake anandiseka.

"Aphunzitsi, nyumba munagula imwe. Ise tilibe nayo nchito. Konzani mweka."

Chabwino. Ndinanyadirako pang'ono, ndisaname. Ndinamuuza kuti ndisasula malata onse owolawo ndi kukhomapo atsopano. Apo nkhope yake inasintha.

"Iyayi, osagwilako! Taitolo ikalibe kubwela. Pa malamulo nyumba ikali ya boma."

Ndinakhala pansi, mutu utaima. Ndinamupempha kuti andifotokozere pang'onopang'ono ngati mwana wa giredi yoyamba. Akuti poyamba abwere oyeza malo ochokera ku Chipata, adzakhome zizindikiro za simenti m'makona a bwalo langa. Kenako mapepala asainidwe pamaso pa mboni, apite ku Lusaka, akalembedwe m'kaundula, ndiye taitolo, chikalata cha umwini wa nyumba, ituluke m'dzina langa. Oyezawo abwera liti? Galimoto yawo ikachira.

"Bwelani mailo tizaone," anatero, kutanthauza mawa, uku akuitana wina.

Abale anga, ndithandizeni. Ikamadontha ndi yanga, ndikafuna kuikonza ndi ya boma. Kodi nyumba imodzi ingakhale ndi eni awiri, onse osaloledwa kukwera padenga?

Apongozi anga ku Magodi atapatsidwa malo, akuluakulu anangoyenda nawo kuchokera pa chulu kukafika pa mtengo wa msuku, anthu akuona. Mawa lake anayamba kuumba njerwa. Sindikunyoza mapepala ayi. Ndikudziwa kuti ndikadzamwalira, taitoloyo ndiyo idzaletse abale anga kuthamangitsa amake Tisa m'nyumbamu, ndipo n'chifukwa chake ndikuifuna ndi mtima wonse. Koma bwanji sanatiuze pachiyambi pomwe kuti kuvomeredwa ndi khomo chabe la ulendo? Tikanaisunga nkhuku ija. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndipo sindili ndekha. Anamwino, apolisi, aphunzitsi anzanga, tonse m'misewu muno tikuyenda monyada ngati eni nyumba, koma kukhoma msomali tikuopa.

Nditafika kunyumba, amake Tisa anandifunsa, "Nanga akuti chiyani, atate ake Tisa? Akonza iwo kapena tikonza ife?"

Ndinayankha kuti inde.

Iwo anangopita kukakoka bedi kulichotsa podonthapo. Pamalopo pali chidebe tsopano. Chimenecho chokha ndicho ndikutsimikiza kuti n'changa, ndipo sindinafunse ku Lusaka.