Mayi Clotilda, Amene Ankaopa Tulo Tawo

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi yathu mbiri ya Mayi Clotilda Kamphinda a mphakati wa Monika Woyera, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ine ndine Yohana, mnzawo wa m'gulu la Amayi a Chikatolika. Zimene ndilembe pano anandilola okha akadali ndi mphamvu. Anati, "Mukadzanena za ine musadzandikometse. Mudzanene monga zinalili."

A Clotilda anabadwira kuseri kwa phiri la Mphunzi. Mayi awo anali namkungwi wodziwika, amene ankalangiza atsikana pa chinamwali m'midzi yonse yozungulira phirilo. Mwanayo anakulira kumbuyo kwa mayi akewo, ndipo nyimbo za kumeneko anazidziwa asanadziwe n'kusinja komwe. Atasinkhuka anayamba kutsatira anzake ku kalasi ya ubatizo. Masiku amenewo wofuna kubatizidwa ankayenera kusiyiratu zonse za kuchinamwali. Mayi awo sanawamenye, sanawatemberere. Anangoti, "Pita, mwananga. Koma chimene unayamwa sudzachilavula."

Anabatizidwa, ndipo patapita nthawi anamanga ukwati woyera ndi a Gervazio Kamphinda, mlimi wa kachewere. Ana angapo anawaika m'manda ali makanda. Amene anakula ndi awiri, Magadalena ndi Rafaelo. A Gervazio atamwalira, mayiwa anapitiriza okha dimba lawo, n'kumasenza kachewere kukagulitsa m'mbali mwa msewu pa Chimbiya. Loweruka lililonse ankasesa m'tchalitchi. Anthu othawa nkhondo ku Mozambique atadzaza m'midzi yathu, iwo anadula munda wawo pakati n'kupatsa mayi wina wamasiye amene sankamudziwa n'komwe. Matenda owondetsa aja atayamba kubweza ana athu kuchokera m'matauni, a Clotilda ndi amene ankalowa m'nyumba zimene ngakhale abale ankaima pakhomo. Ankasambitsa odwalawo, kuwachapira zofunda, kuwamwetsa phala. Wina akawafunsa ngati sanyansidwa ankayankha kuti, "Mphuno imazolowera. Manja ndiwo asachite ulesi."

Izi ndi zimene aliyense ankaziona. Mtanda wawo weniweni ine ndinaudziwa m'chaka cha chilala chija cha 1992, pa m'bindikiro wa amayi kuno kuparishi. Titadya masana tinayala zitenje pansi pa mitengo ya paini kuti tipumeko. A Clotilda anagona tulo korona ili m'manja. Posakhalitsa tinamva akuimba chapansipansi, phewa likugwedera motsatira ng'oma imene ife sitinkaimva. Inali nyimbo ya kuchinamwali. Amayi ena achikulire anaizindikira n'kuyang'ana pansi. Atsikana anatseka pakamwa ndi zitenje.

Atadzuka ndinawatengera pambali n'kuwauza. Sanadabwe, koma misozi inatsika.

"Ndimadziwa, a Yohana," anatero. "A Gervazio ankandigwedeza ndikayamba. Tsopano wondigwedeza palibe. Chibatizidwire sindinaimbepo nyimbo zimenezi ndili maso. Koma ndikangotseka zikope ndimapezeka ndili kwa amayi, pansi pa thanthwe, ng'oma zikulira. Tchalitchi sindinachilotepo ndi kamodzi komwe."

Anali atayesa zonse. Anasala kudya, anagona ndi korona m'khosi, anawaza madzi odalitsidwa pamphasa. Nthawi ina anayesa kugona atakhala tsonga, atatsamira khoma, kuti tulo tisawamize. Chimene ankapempha chinali chochepa, kuti Amayi Maria kapena mngelo awaonekere m'tulo kamodzi kokha, adziwe kuti Mulungu anawalandira mpaka pansi pa mtima.

Ndinawaperekeza kwa Bambo Bartholomew, amene anali wansembe wathu nthawi imeneyo. Bambowo anamvetsera modekha.

"Mayi, maloto si tchimo," anatero. "Munthu akagona salamula mtima wake. Ndipo mu nyimbo za makolo athu muli zambiri zabwino. Mpingo ukuzindikira zimenezo masiku ano."

"Zikomo, Bambo," anayankha a Clotilda. "Koma ndifunseko. Masana ndine wa Yesu, chifukwa ndimasankha ndekha. Nanga ndikagona, pamene sindingathe kusankha, ndimakhala wa ndani?"

Bambo Bartholomew anati, "Amene amakusungani sagona." A Clotilda anagwada, nathokoza. Panjira anandiuza kuti mawuwo anali abwino, koma anafika m'khutu mokha.

Mu 1995 Rafaelo anabwera kuchokera ku Lilongwe, kumene ankagwira ntchito yomanga nyumba. Anatsika minibasi pa Chimbiya atachita kumunyamula. Anali atasiya kupemphera kalekale. Mayi ake anamusamala monga ankasamalira ana a eni, osamufunsa kanthu. Tsiku lina m'mawa, mvula ili pakati, iye anati, "Amayi, ndiitanireni wansembe." Tinatuma uthenga msanga. Bambo Bartholomew ananyamuka pa njinga yamoto, koma anapeza mtsinje utadzaza, mlatho wamitengo utakokoloka. Anaima kutsidya mpaka dzuwa kupendeka, mafuta oyera ali m'thumba. Madzi asanaphwe, Rafaelo anatsirizika osalapa.

Kuyambira pamenepo pemphero la a Clotilda linasintha. Za iwo eni anazisiya. Ankangopempha kuti amuone mwana wawo m'maloto ali pabwino. Bambo Bartholomew anawauza kuti kufuna kulapa kumene Rafaelo anaonetsa Mulungu anakuona, ndipo iwo anavomera kuti ndi zoona. Komabe tikakumana pachitsime, ndikawayang'ana, ankangopukusa mutu. Nthawi zina ankamulotadi, koma ali kamwana, akutsokomola m'dimba, iwo akufunafuna chomufunditsa osachipeza.

Inali nthawi imene zinthu zinali zitamasuka m'dziko muno. Anthu ankalankhula poyera za zipani, ndipo magulu atsopano a mapemphero anabuka ponseponse. Kunamveka maumboni a anthu oona masomphenya ndi olota kumwamba. Lamulungu lina titatuluka mu Misa, a Clotilda anandinong'oneza kuti ndiwaperekeze ku gulu lina limene linkakumana m'kalasi ya sukulu chakufupi ndi msewu waukulu. Ndinazengereza, koma nditaona nkhope yawo ndinapita.

M'kalasimo munali modzaza. Mlaliki anali mnyamata wa msinkhu wa Rafaelo, ndipo sindikukayika kuti ankafuna kuthandiza. Atamva nkhani yawo anati ndi mzimu wa makolo, uyenera kutuluka. Anawaimika pamzere ndi amayi ena. Amene ankawakhudza pamphumi ankagwa chagada, ena akulira, ena akulankhula malilime. Atafika pa a Clotilda anapemphera mpaka mawu kusasa. Anawakankha pamphumi pang'ono, kenaka mwamphamvu. Iwo anangodzandira n'kuimanso, maso ali chitsinzinire, manja ali chitambasulire, kudikira. Onse anagwa, anatsala okha chiimire pakati pa kalasi.

"Mayi, mwaumitsa mtima," anatero mlalikiyo, n'kupita kwa wina.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali, mphepo ya Juni ikutilasa m'makutu. Tili pafupi kufika anati, "Ndinafuna kugwa dala, kuti mwana uja asachite manyazi. Koma likanakhala bodza pamaso pa Mulungu." Atayenda pang'ono anawonjeza kuti, "Kapena ine ndinapangidwa ndi dothi louma."

Sanapitenso kumeneko, ndiponso sanawanyozepo anthu a gululo. M'mawa mwake ndinawapeza akuchapa zofunda za mtsikana wina wodwala wa m'mudzi mwawo, manja atachita dzanzi ndi chisanu. Anapitiriza choncho zaka zotsatira, maondo akutupa, maso akuchita khungu. Odwala ena ankawafunsa pomwalira kuti, "Agogo, kumene ndikupitako kuli bwanji?" Iwo sankapeka nkhani. Ankati, "Sindinakuoneko, mwananga. Koma tiye ndikugwire dzanja mpaka pakhomo."

Mwezi wa Julaye chaka chino cha 1999 anagwa m'dimba, mbali imodzi ya thupi itafa. Kuchipatala cha pa Boma anatiuza kuti palibe chimene angachite, ndipo tinabwera nawo kunyumba. Sanatsegulenso maso. Ulendo uno njira inali youma, ndipo Bambo Mfumu anafika n'kuwadzoza mafuta oyera. Ife amayi tinkasinthana kukhala pambali pawo. Milomo yawo inkagwedera kawirikawiri. Magadalena ankaika khutu pafupi, koma mawu sankamveka, mpweya wokha.

"Amayi Yohana, akupemphera kapena akuimba?" anandifunsa.

Ndinamvetsera nanenso, nthawi yaitali. Ndinati, "Sindikudziwa, mwanawe."

Anamwalira Lachinayi m'mawa dzuwa litangofika pakhomo, ife tili pakati pa korona. Sanaphupheko. Mpweya unangochepa pang'onopang'ono mpaka unatha, ndipo tinazindikira titamaliza kale ndime imene tinkanena.

Ena andifunsa ngati pomaliza anaona chimene ankachilakalaka. Ndikanakonda kulemba kuti anamwetulira, kapena kuti anatchula dzina la Rafaelo. Sizinachitike, ndipo sindingawanamizire. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti mayiyu anatumikira Mulungu kuyambira utsikana mpaka imvi popanda chizindikiro chilichonse, akuopa tulo tawo, ndipo m'mawa uliwonse ankadzuka n'kusankhanso Yesu. Ambiri a ife tikanatopa panjira.

M'mudzi mwawo mwatsala odwala amene sanasambitsidwe bwino chigwere a Clotilda. Mmodzi, mtsikana wosaona, amafunsabe kuti agogo abwera liti, ndipo palibe amene walimba mtima kumuuza. Amayi a mphakati wa Monika Woyera tidzakumana pachitsime Lachitatu m'mawa. Aliyense adzabwere ndi ndowa yake ndi sopo ngati ali naye. Kwa mtsikanayo ndidzalowa ndine.

Mzimu wa Mayi Clotilda, ndi wa mwana wawo Rafaelo, iuse mu mtendere.