Mchere Wathira Ndani?

Mkazi wanga anali atapita padera kawiri. Choncho ataimanso kachitatu, m'nyumba mwathu munalibe chimwemwe choonekera, tinkangoyenda monyang'ama ngati anthu osenza mazira. Vuto linali lakuti ulendo uno mimba inabwera ndi mseru woopsa. Phala ankabweza, mpunga ankabweza, kondowole ndiye osatchula n'komwe. Fungo la nsomba likangomupeza ankathamangira kuseri kwa nyumba, ndipo amene anakhalako ku Nkhotakota akudziwa kuti fungo limeneli sungalithawe. Lili pamsika, lili mu minibasi, linali ngakhale m'malaya a ana amene ndinkawaphunzitsa. Kusikelo anamwino ankamuyeza n'kupukusa mitu. Anatiuza mosapita m'mbali kuti akapitiriza kutsika chonchi amugoneka n'kumuika madzi, ndipo za mwanayo sangalonjeze kanthu.

Thandizo linachokera kumene sindinkayembekezera. Aphunzitsi a m'dera lathu tinaitanidwa ku maphunziro a tsiku limodzi pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja, kummwera kwa boma. Mwini wake anali Mtaliyana, bambo wamfupi wadazi, wophika yekha, wolankhula Chichewa chothyokathyoka koma mosaopa. Masana anatipatsa supageti wothira msuzi wofiira. Anzanga anang'ung'udza kuti atinamiza, nyama ili kuti, chambo chili kuti. Inenso sindinakondwe nazo. Ndinadya theka, zotsalazo n'kuika m'kontena yomwe ndinkatengera mbatata kusukulu, poti kutaya chakudya sindinakuzolowere.

Kunyumba mkazi wanga anatsegula kontenayo kuti aitsuke. Ananunkhiza, anatenga foloko, n'kudya zonse ali chiimire, zozizira choncho. Ndinakhala tcheru kudikira kuti athamangire kuseri. Sanathamange. Anakhala pampando n'kundifunsa ngati kunatsala zina.

Loweruka lake ndinapalasa njinga kubwerera ku loji. Supageti amapezeka m'magolosale pa boma, ndipo kuwiritsa sikufuna sukulu. Chimene ndinkafuna ndi msuzi wokha. Mtaliyana anayamba wakana. Anati iye sagulitsa msuzi ngati palafini, munthu azikhala pansi n'kudya mwadongosolo. Nditamufotokozera za mkazi wanga analowa kukhitchini, n'kutuluka ndi botolo lalikulu lagalasi lomwe kale munali mayonezi, lodzaza, likadali lofunda. Mtengo wake unandiwawa, sindibisa. Bambo wamkulu kugula msuzi wa tomato, tomato atadzaza pamsika mpaka kuwola. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chinakhala chizolowezi. Loweruka lililonse ndinkabweza botolo lotsuka n'kutenga lodzaza, kulikulunga m'nsanza kuti lisasweke pa keliyala. Tinali ndi kafiliji kakale, ndipo magetsi akathima ndinkawiritsanso msuziwo kuti usasase. Mkazi wanga ankadya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku. Masaya anayamba kubwerera. Anayambanso kundiseka kuti ndasanduka kabaza wa msuzi, ndipo kuseka kumeneko ndinali nditakusowa.

Kenako apongozi anga, mayi ake, anafika kuchokera ku Mwadzama kudzasamalira mwana wawo. Anabwera ndi dengu la ufa ndi nkhuku yomanga miyendo. Ndi munthu wopemphera, wosaphonya tchalitchi, koma za makolo sanazitaye. Ine ndi iwo tinkalemekezana monga mwa mwambo, kulankhulana chapatali, maso ali pansi. Sitinayambanepo, chifukwa anthu olankhulana chapatali sapeza poyambanira.

Tsiku lomwelo anapeza mwana wawo akudya. Ananyamula botolo n'kununkhiza.

"Muli mpungabwi umu," anatero. "Uja timathamangitsira udzudzu."

Anaviika chala n'kulawa. Nkhope inasintha. Anafunsa mwana wawo, osati ine, ngakhale ndinali pomwepo.

"Mchere wathira ndani?"

Aliyense wokulira kumudzi akulidziwa funso limeneli. Amati munthu wotentha, kaya mkazi amene ali kumwezi, kaya wina aliyense amene wayenda njira zosayenera, akathira mchere m'ndiwo amadula odya, makamaka wodwala, khanda ndi mayi wapakati. Ndiwo mdulo umenewo. Ine ndinkaphunzitsa sayansi, ndipo mumtima ndinaseka.

"Ndi mzungu wa ku loji, amayi," anayankha mkazi wanga. "Amaphika yekha."

"Mzunguyo ali pabanja? Wagona kuti dzulo? Nanga akazi omuthandiza kukhitchiniko, masiku awo ukuwadziwa?"

Apongozi anachotsa mbale pamiyendo pa mwana wawo, botolo n'kuliika pamwamba pa kabati.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti mkazi wanga sanakane. Anangopukuta pakamwa n'kukagona. Apongozi anamanga chitenje nati msuzi wa tomato si chinthu chodabwitsa, iwo akhala akuphika kuyambira ali mtsikana. Anakazinga anyezi, anathira tomato wabwino wa kudimba, mchere n'kuthira okha. Zinali ndiwo zoti ine ndikanadya mpaka kunyambita zala. Mkazi wanga anameza kawiri n'kuthamangira kuseri. Mawa lake anayesa phala la mpunga, mkuja msuzi wa nkhuku ija, ndipo zonse zinatsata njira yomweyo. Masiku anapita. Masaya aja anabwereranso m'kati, ndipo popita kubafa ankagwira khoma.

Tsiku lina masana nditaweruka, apongozi atapita kumsika, ndinalephera kupirira, n'kupita pomwe mkazi wanga anagona.

"Mayi, mukufuna kufa ndi njala chifukwa cha mchere? Inu sukulu munapitako."

Anandiyang'ana ali chigonere.

"Bambo, kawiri konse ndinamvera inu ndi achipatala, ndipo ndinabwerako chimanjamanja. Ulendo uno ndikamvera amayi ndalakwa chiyani?"

Iye anapitiriza motsitsa mawu.

"Komanso si mzungu yekha amene akumukayikira."

Anandikumbutsa kuti maulendo onse awiri amene anapita padera ine kunalibe, ndinali kochonga mayeso. Kumudzi anthu anali atayamba kale kuwerengera zimenezo. Tsopano apongozi anali atamva kuti mkamwini wawo amapita ku loji Loweruka lililonse, ndipo kwa iwo loji ndi malo a chinthu chimodzi chokha.

"Akuti mwina wotenthayo timagona naye m'nyumba momwemuno," anatero.

"Nanga inu mukuti bwanji?"

Anatembenukira kukhoma n'kunena kuti watopa.

Zinandipweteka kwambiri. Ine amene ndinkapalasa njinga padzuwa la Nkhotakota, thukuta lili kamukamu, kusaka chakudya cha mkazi wanga, ndi amene ndinali wachigololo. Ndinafuna kuitana kabaza tsiku lomwelo kuti apongozi akakwere minibasi ya kwawo. Mawu ndinali nditawakonza kale, aulemu koma olasa. Kenako ndinaona dzanja la mkazi wanga lili pabulangete, litawonda mpaka mphete ikuzungulira yokha pachala. Ndinadziwa kuti ndikhoza kupambana mkanganowo, koma iye osadyabe.

Sindinadikire Loweruka. Mawa lake nditangotulutsa ana ndinakwera njinga. Ndinapeza Mtaliyana akusenda adyo kuseri kwa khitchini, ndipo ndinamupempha msuzi wopanda mchere.

"Wopanda mchere? Mkazi wako BP?"

Ndinati ayi, n'kuyamba kufotokoza za mdulo. Manyazi anandigwira, mphunzitsi wa sayansi kufotokozera mzungu za anthu otentha ndi ozizira. Ndinkayembekeza kuti aseka, ndipo anasekadi, koma osati moseka ife.

"Ndiye ine wotentha?" anatero akudzisisita pamimba. "Aphunzitsi, ine mkazi anathawa kalekale. Ine wozizira ngati filiji."

Kenako anati msuzi wopanda mchere si msuzi wake, ndipo ndisauze munthu aliyense kuti wachokera kwa iye. Atatha kudandaula anatenga kapoto kakang'ono, anauza antchito ake kuti wina asakayandikire, n'kundiloza mpando kuti ndikhale ndizionerera. Anatenthetsa mafuta ndi adyo, anathira tomato wosenda, n'kuchepetsa moto. Zinatenga nthawi yaitali moti ndinayamba kuwodzera. Pakati pa kuphikako dzanja lake linapita lokha ku mbale ya mchere, ndipo analimenya ndi linzake n'kutukwana m'chinenero chakwawo. Pomaliza anang'amba masamba aja ofanana ndi mpungabwi n'kuponyamo. Analawa, anakwinya nkhope, n'kuthira m'botolo.

Ndinapeza apongozi pakhonde akusankha mpunga. Ndinagwada chapatali n'kuika botolo pansi.

"Apongozi, uwu ndi wopanda mchere. Ndinali pomwepo pophika, palibe wina anakhudza poto. Muthire nokha."

Analawa, anadikira, n'kulawanso. Anagwedeza mutu. Anawiritsa okha supageti m'madzi opanda mchere, atamuthyolathyola kaye ngati nkhuni, n'kutenthetsa msuzi. Mkazi wanga anatuluka n'kukhala pamphasa atatsamira khoma. Apongozi anaika mbale patsogolo pake, anabweretsa mchere m'kasosala, n'kutapa ndi zala zitatu.

"Amayi, dikirani," anatero mkazi wanga. "Apatseni bambo athire."

Dzanja la apongozi linaima m'malere.

"Ukudziwa chimene ukunena, mwana iwe?"

"Ndikudziwa. Ndi amuna anga. Ndikapanda kudya za m'manja mwawo ndidya za ndani?"

Apongozi anabweza mchere uja m'sosala n'kupukuta zala pachitenje. Anakankhira sosalayo kwa ine, ndipo anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Akamwini, mungathire?"

Ndinkadziwa kuti ndinalibe mlandu. Kochonga mayeso ndinkagona pamatiresi m'kalasi ndi aphunzitsi anzanga oliza mkonono, ndipo ku loji ndinkathera pakhomo la khitchini. Za mdulo sindinkazikhulupirira, ndipo mpaka lero sindizikhulupirira. Komabe ndinazengereza kutapa mcherewo. Mimba imachoka pa zifukwa zake, wina athire mchere kaya asathire, ndipo ziwiri zinali zitachoka kale. Iyi ikanati ichokenso, panalibe dokotala amene akanandiyeretsa pamaso pa mayi ameneyu, mwinanso pamaso pa mkazi wanga. Kukana nakonso kukanakhala kuvomera mlandu. Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga.

Ndinatapa mchere n'kuwaza. Mkazi wanga anasakaniza ndi foloko, analawa, n'kunena kuti wachepa. Ndinathiranso. Anadya pang'onopang'ono, tonse tikumuyang'ana, mpaka mbale inayera. Tinadikira. Apongozi anali atasendeza kale beseni pafupi, koma silinagwire ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo mchere wa mkazi wanga unakhala ntchito yanga. Mtaliyana ankaphika kapoto kathu padera, akudandaula ulendo uliwonse. Apongozi ankawiritsa supageti n'kundidikira kuti ndiweruke, ndipo ndikachedwa mbale inkakhala yovundikira mpaka nditafika. Mseru unatha mimba itakula, mkazi wanga n'kuyambanso kudya ndiwo za mayi ake, koma sosala ankaibweretsabe kwa ine. Mantha aja sanathe. Akangoti msana ukupweteka, kapena mwana sanagunde kuyambira m'mawa, ndinkaona apongozi akuyang'ana pansi, ine n'kumatuluka thukuta.

Matenda a uchembere anamuyamba mkazi wanga nthawi ya mvula, m'mawa ndikukonzekera kupita kusukulu. Tinapita ku chipatala cha pa boma, ndipo ine ndinatsala pabenchi panja pa wodi pamodzi ndi amuna ena osowa chochita ndi manja awo. Chakumasana chitseko chinatseguka, apongozi n'kutuluka atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje chatsopano. Khanda la tsiku lomwelo kwathu saligwiritsa munthu wamba, amaopa kuti wotentha angalidule. Ndinaimirira n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndingosuzumira chapatali.

Apongozi anabwera mpaka pamene ndinaima.

"Ndi wamkazi, ndipo mayi ake ali bwino," anatero. "Tambasulani manja, akamwini. Mukumuopa chiyani? Ndi wanu."